Pa 16 September kudzakhala mdima pa nyanja

Magaye a kudoko, kuyambira ku Makawa, Msaka, Chembe, Malembo mpaka ku Senga Bay, werengani mpaka pansi kenako mutumizire ena. Sindikugulitsa chipani ayi, ine changa ndi sipanala.

Chisankho chili Lachiwiri pa 16 September 2025. Mwezi wathunthu udzakhala utadutsa pa 7, ndiye sabata ya voti tidzakhala tikulowa mumdima. Nonse mukudziwa zimenezo: siginala wayatsa nyali, chilimira m'madzi usiku wonse. M'mawa kufika padoko, kukangana mitengo ndi amayi ogula usipa, kugawana, kenako tulo. Podzidzimuka ndi 3 koloko, bwana akuti thirani mafuta. Koma chaka chino malo ovotera akutsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 4 koloko masana, osati 6 madzulo ngati kale. Komanso umavota komwe unalembetsa. Mulovi amene analembetsa ku Malembo koma watsata nsomba ku Makanjira ayambe lero kusunga ya thiransipoti.

Ena mumati ndale n'za anthu a ku Lilongwe. Bwerani pansi pa mtengo pomwe ndimagwirira ntchito mudzaone ma Yamaha atangokhala. Palibe sipeya ya injini yomwe imapangidwa muno. Pisitoni, maring'i, impela, ngakhale pulagi, zonse zimalowa ndi dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zonsezi unauluka, ndipo wa shopu akasowa dola kubanki amakagula kwa mavenda, mtengo n'kugwera iwe. Mwini injini amandiuza kuti "ingoimangani kaye amisiri, tione mwezi wamawa." Injini imodzi ikagona, anthu pafupifupi khumi agona nayo, osawerenga amayi owamba ndi kuyanika pathandala.

Za petulo ndiye musanene. Papampu mtengo unali K2,530 lita mu September 2025, koma boti silipita pamzere wa magalimoto. Ife timadalira zigubu, ndipo mafuta akasowa chigubu ndicho chimayamba kukanidwa. Mathero ake timagula kuseri pamtengo womwe ndikuchita manyazi kuulemba. Bambo anga anapalasa bwato ndi nkhafi moyo wawo wonse, amatiseka kuti ife tinadzimangirira ku dola. Akunena zoona, koma nsomba zinathawira kutali, nkhafi sikafikako.

Mapepala adzakhala atatu: pulezidenti, phungu, khansala. Phokoso lonse lili pa pulezidenti, chabwino, ndipo chiyambire chigamulo cha khoti cha 2020 wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti. Koma awiri enawa ndi amene tingawagwire malaya. Phungu ndi khansala amakhala m'khonsolo ya boma lathu, ndipo ndalama za CDF zimayendera komweko. Madoko angati ali ndi chimbudzi ndi mjigo? Kolera ya 2022 ndi 2023 inatipeza tili choncho, tinaika anzathu m'manda.

Ndiye akabwera ndi zimkuzamawu, osangovina. Funsani. Matrola akamalowa m'madzi osaya momwe chambo chimaswana, adzachitapo chiyani? Gombe lomwe makolo athu ankayanikapo maukonde likatchingidwa ndi mpanda wa kotteji, adzaima mbali iti? Nthawi yotseka nyanja, alovi azidya chiyani? Nanga BVC yathu akuidziwa n'komwe? Woona mtima amayankha ngakhale mochita chibwibwi. Winayo amayamba nyimbo. Ine munthu akabwera ndi injini yogula kwa mnzake sindiyang'ana penti, ndimachotsa chivundikiro n'kumva kompuresheni.

Za ma K2,000, lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Sindikhala wapolisi wa matumba anu, njala ndikuidziwa. Kungoti K2,000 sikwana ndi lita imodzi yomwe, pomwe munthuyo akukakhala zaka zisanu.

Chinanso, ma voice note opanda dzina omwe akuzungulira m'magulu athuwa. Wina akuti tsiku lasintha, wina akuti makina adzaba. Musanatumize, tsegulani wailesi, Dzimwe kaya Zodiak, mumve ngati MEC yanenadi. Ngakhale uthenga wanga uno, ufufuzeni chimodzimodzi. Mtsutso wa ofuna uphungu ukachitikira pafupi, tiyeni tipite gulu, tikakhale kutsogolo.

Pempho langa kwa eni zida, mabwana athu: usiku wa Lolemba pa 15 maboti agone kumtunda, kapena abwerere msanga. Kambiranani ku BVC kuti doko lonse lichite limodzi, pasakhale wina wodyerera anzake. Ine Lachiwiri limenelo sindidzagwira sipanala mpaka chala chitada ndi inki. Amene injini yake ikutsokomola abwere nayo isanafike Loweruka pa 13.