Magemu anayi basi

Anzanga, kuno ku Minnesota hockey ya pa ayisi ili ngati mpira wamiyendo kwa makolo athu: ngakhale akuluakulu amasewera usiku akaweruka kuntchito. Mndandanda wa osewera a timu yathu ndimasunga ndine. Aliyense amalembetsa ku USA Hockey chaka ndi chaka, ndipo mu ligi yathu sungalowe ma playoff usanasewere magemu asanu. Lamuloli ndimagwirizana nalo, chifukwa popanda ilo matimu amangobwereka akatswiri kumapeto.

Poti ntchito yanga ndi yamakompyuta, ndinalemba kapulogalamu kowerengera zonsezi. Zosavuta zimenezo. Koma kapulogalamuko sikangaimbire foni achimwene anga, namwino wogwira ntchito usiku, amene asewera anayi okha. Woimba ndine, eti. Ndiye Chichewa changa chimathera pa "pepani achimwene".