Kuchoka ku Mangochi Kudzakhala ku Ndirande

Inu amene mukulingalira zosamukira ku Blantyre, tamvani za ife amene tinatsogola.

Choyamba kutigonjetsa chinali kuzizira. Ife tinakulira m'dziko lotentha, koma kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kosaleka pamodzi ndi chifunga chimene chimabisa phiri lonse la Ndirande. Kuchita udhu wa swala ya m'bandakucha ndi madzi ogona m'ndowa nthawi imeneyo kumafuna kulimba mtima. Madziwonso ndi ogula pa kiyosiki. Ambiri mwa madzi a mumzinda uno amapopedwa ku Walker's Ferry, mu mtsinje wa Shire, Shire yemweyo amene tinkasambamo ulele tili ana. Nditamva zimenezi ndinaseka, koma ndowa ndinalipira ndithu.

Usipa umene mlamu wanga ankangotipatsa m'mbale pagombe, mu msika wa Limbe ndi wa pamulu, wouma kale. Za chambo tisanene. Nyama nayo sitigula paliponse. Timayamba tafunsa amene anazinga.

Anzathu a pa poloti ndi a mpingo wina, anthu aulemu. Mwezi wa Ramadhani amayi a nyumba yoyandikana nafe amagogoda pa zenera kuti tisapitirire tulo pa nthawi ya daku.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ana. Kwathu mwana akathawa ku madrasa, azakhali ake kapena amalume amamuona asanafike n'kunyanja komwe, ndipo nkhani imakafika kwa makolo dzuwa lisanalowe. Kuno palibe amadziwa kuti mwanayu ndi wa yani. Mnyamata wathu wamkulu anajomba masabata atatu ife osadziwa. Ankavala kanzu ndi kofiya bwinobwino, n'kukatsirizira kokaonera vidiyo. Ine ndimachoka m'mamawa kukakwera minibasi, kubwerako kuli mdima. Mayi ake ali ku geni. Tinadziwa chifukwa mwalimu anafunsa njira mpaka anatipeza pakhomo. Ndinachita manyazi, pakuti ine ndinali ndisanapondeko ku madrasako chilembetsereni mwanayo.

Tsopano Lachisanu lililonse tikatuluka mu mzikiti ndimayamba ndaonana ndi mwalimu. Mnyamatayo ali pa juzu yachiwiri, ndipo agogo ake akuti adzamumve okha akadzabwera pa Idi.