Mako ndi mako: nkhani ya kalaputopu kanga



Ambiri a inu mukukumbukira kalaputopu kakuda kamene ndinkalowa nako m'kalasi, kamene anyamata a kumbuyo munakapatsa dzina loti "ka Chipangano Chatsopano" chifukwa cha kuchepa kwake. Ndikadali nako. Anandibweretsera ndi mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg mu 2010. M'kati mwake muli purosesa ya Intel Atom N270, RAM ya 1 GB ndi hard disk ya 160 GB, ndipo kanabwera ndi Windows XP. Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, koma ine ndinangopitiriza. Kamayaka, kamalemba, nanga ndikanafunanso chiyani?

Tsoka linandigwera mu Novembala 2025, patatsala masabata awiri kuti tipereke mafunso a mayeso otsekera teremu. Ndinapita kukapulintitsa manotsi a Geography pamalo ena m'tauni muno. Nditafika kunyumba ku Chibavi ndinalowetsa flash ija m'kalaputopu, ndipo mafoda onse anasanduka ma shortcut. Kenako kanayamba kuzima kokha. Mafunso a mayeso amene ndasonkhanitsa kwa zaka 15, masikimu, malikisi a ana, zonse zii. Usiku umenewo sindinagone. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, ingogulani ina." Ndinaseka chowawa. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu yatsopano ndi malipiro a mphunzitsi a miyezi ingapo, ndipo fizi ya ana siidikira.

Anandipulumutsa ndi mwana wanga wa sukulu wakale, amene anachita ICT pa Mzuni ndipo amakonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika wa Taifa. Anatulutsa flash yake, n'kuyatsira kalaputopu kuchokera pa flash pomwepo, osadzera pa Windows. Panatuluka chithunzi cha kagalu. "Aphunzitsi, iyi ndi Puppy Linux. Zinthu zanu sizinafufutidwe, vayirasi yangozibisa." Zoonadi, mafoda anga onse anali pompo. Vayirasi yolembedwera Windows siigwira ntchito pa Linux, ndipo chizindikiro chimene imabisira mafayilo Linux sachilabadira. Tinakopera zonse pa ma flash awiri tisanachite china chilichonse.

Kenako anandiuza mosapsatira kuti ndikabwerera ku XP ndidzaliranso. Apa ndi pamene ntchito yosankha inayambira.

Linux sinali yachilendo kwa ine. Ndinkadziwa kuti anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi kuti aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kulipira laisensi. Ndimakumbukiranso ma CD a Ubuntu amene ankatumizidwa ulere pa positi mpaka 2011. Ubuntu anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Ndiye ndinati tiike Ubuntu basi.

Mnyamatayo anapukusa mutu. Ubuntu imafuna RAM yosachepera 4 GB kuti iyende bwino, ine ndili ndi 1. Vuto lalikulu linali lina. Purosesa yanga ndi ya 32-bit, ndipo opanga ambiri anaitembenukira msana. Lubuntu, imene anthu amaitchula akamanena za makompyuta akale, inasiya kutulutsa ya 32-bit itatha 18.10 ya 2018. Linux Mint ya nthawi zonse inalekezera pa 19.3 ya 2019. Ngakhale Debian, gogo wa zonsezi, inatuluka ndi nambala 13 mu Ogasiti 2025 yopanda njira yoikira pa 32-bit. Tinatsala ndi ziwiri: Puppy ndi antiX 23, yomwe inamangidwa pa Debian 12.

Iliyonse ndinaiyesa masiku atatu kuchokera pa flash. Puppy ndi yothamanga kwambiri chifukwa imadzikweza yonse mu RAM. Koma RAM yangayo ndi yochepa kale, ndipo zimene mwasintha imazisunga m'fayilo yapadera, mwina pakapita kanthawi kapena pozimitsa. Batire la kalaputopu kanga linafa kalekale, magetsi akangothima nako kamathima. Madzulo ena ndinataya peji ndi theka la mafunso a map reading, ndipo ndinaona kuti kagaluka ndi kabwino kupulumutsira zinthu, osati kukhala nako tsiku ndi tsiku. Komanso pa Puppy umakhala ndi mphamvu zonse za root nthawi zonse, ndipo m'nyumba muno muli ana okonda kudinadina.

antiX tinaiika pa hard disk. Maonekedwe ake ndi osakongola, ali ngati Windows ya kale, batani pansi kumanzere ndi mndandanda wa mapulogalamu. Koma ikangoyaka imadya RAM yosakwana 200 MB, yotsalayo ndi yanga. Inabwera ndi LibreOffice, ndiye Writer yalowa m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel. Ndinaphunziranso kuti mu Writer ukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamatuluka ŵ, chimene chimandithandiza polemba mawu a Chitumbuka.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Pa intaneti ndikatsegula masamba atatu kalaputopu kamayamba kupuma mwabefu, ndipo za YouTube ndinaziiwala. Masamba a intaneti analemera, palibe Linux imene ingawapepuze. Zikalata za Word zokhala ndi matebulo nthawi zina zimabwera zitasokonekera mizere, choncho zanga ndimazisandutsa PDF ndisanapite kukapulintitsa. Sabata yoyamba ndinkasochera ngati mwana wa Fomu 1 tsiku lotsegulira.

Ndalemba izi chifukwa vutoli si la ine ndekha. Windows 10 inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0. Sukulu zambiri kuno kumpoto zili ndi makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito, ena anabwera kudzera ku Turing Trust ndi Centre for Youth and Development ya mom'muno mu Mzuzu. Tsiku lina mutu wa nkhaniyi udzafika mu staff room yanu. Musanataye makina, dziwani kaye RAM yake komanso ngati ndi a 32-bit kapena 64-bit. Ngati ndi 64-bit ndipo ali ndi 4 GB, yesani Linux Mint Xfce kapena Lubuntu. Ngati ali ngati anga, yesani antiX. Yambani mwayesa pa flash, onani ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira. Koma choyamba pa zonse, koperani mafayilo anu pamalo awiri.

Mafunso ndinapereka tsiku lake lisanakwane, olembedwa pa kalaputopu komweko. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mnyamata uja anakana ndalama. Anangondikumbutsa kuti ali Fomu 3 ndinamulanda foni m'kalasi, n'kumuuza kuti zoseweretsa zimenezi sizidzamudyetsa. Ndinapepesa, ndipo tinakamwa tiyi.