Mimba Siidikira Pangano

Akristu anzanga, lekani ndikuuzeni zimene zinagwa pakhomo panga, kuti wina angadzapunthwe pa mwala womwewo.

Ndinali kugwira nchito m'tauni ya Lilongwe, ndipo mwezi ndi mwezi anali kudula ndarama pa malipiro anga, nazipereka ku bungwe la inshuwalansi ya cipatala. Nditapeza nchito yina yoposa, ndinakondwa ndithu, ndinalowa bungwe lina, osawerenga konse timalemba tating'ono ta kunsi kwa pangano. Pamenepo nkuti mai a kunyumba ali ndi pakati pa miyezi itatu.

Tsiku lina ndinamuka ku ofesi yao. Kalaliki anayang'ana khadi langa nati, "Bambo, wolowa kumene ayamba wadikira miyezi, ndipo za ucembere zidikira koposa. Mimba iyi inayamba inu musanalowe." Kwa akale aja khomo linali litatsekeka tsiku lomwe ndinaleka kulipira. Akulu adati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo ine ndinabvumbwadi.

Kulakwa kunali kwanga. Ndikadafunsa ndisanacoke, ndikadamva kuti mabungwe ena amacotsa masiku odikirawo ngati munthu asamuka wosadukiza kulipira, ndi kuonetsa kalata yocokera kwa akale. Enanso amatero kwa olowa pagulu ndi anzao a panchito. Koma afuna ziri zonse zilembedwe, pakuti mau a pakamwa sapita nao kutali.

Amene anandikhazika mtima pansi ndiwo apongozi anga a ku Mitundu, osadziwa kuwerenga. Anati, "Nanga ife tinabala ndi khadi kodi?" Zoonadi, pa zipatala za boma, monga Mitundu, Nathenje ndi Bwaila, mai sapereka ndarama pocira. Ndiponso kuyambira caka ca 2006 boma linayamba kupangana ndi zipatala zina za mishoni, za m'bungwe la CHAM, kuti lizilipirira amai oyembekezera ndi makanda. Komatu funsani msanga ngati panganolo lilipo, ndi ngati mudzi wanu uli m'kati mwace. Musadikire tsiku la zowawa.

Tsono mai anayamba sikelo, osaphonya tsiku. Ine ndinasunga pang'ono pang'ono za galimoto, za nsalu ndi beseni. Mwezi wotsiriza anakakhala ku cidikiro pamodzi ndi amai ao.

Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, tinambatiza pa Likuni. Miyezi yodikira ija inatha iye atayamba kale kukhala pansi yekha.