Loko amene ndinadzikhomera ndekha

Kunyumba kwathu ku Chikamveka kuli foni imodzi yokha ya tachi, Tecno imene amalume anatumiza kuchokera ku Joni. Mwini wake ndi amayi, koma iwo amangoyankha ikalira ndi kulandirirapo ndalama za makasitomala awo a tomato kumsika waukulu wa Zomba. Kugula bandulo, kutsegula uthenga wa mawu, kufufuta zithunzi foni ikadzadza, zonsezo ndi ntchito yanga. Ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mwaima pakhoma pano kwanunso zili chimodzimodzi: foni ndi ya makolo, koma woidziwa ndi mwana.

Lachitatu lina teremu yatha amayi anapita kwa ejenti kukatapa ndalama yokabweza ku banki m'khonde. Anapeza K18,000 palibe. Woyamba kuganiziridwa ndinali ine, ndipo sindiwada, chifukwa foniyo imagona pafupi ndi mutu wanga. Titayang'ana mauthenga tinaona kuti ndalamayo inatuluka pang'onopang'ono, K500, K1,000, K500, masiku anayi. Mng'ono wanga wa Sitandade 7 anayamba kulira tisanamufunse n'komwe. Anali akubetcha pa masewera a kandege aja. PIN anaidziwa chifukwa amayi ankamutuma kugula mayunitsi a magetsi. Kubetcha n'kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, iye ali ndi 12, koma pamene pankafunsa za msinkhu anangodina kuti eya, basi.

Usiku umenewo amayi sanadye. M'mawa mwake anakakongola kwa mnzawo wa pabenchi yoyandikana kuti asachite manyazi pagulu. Madzulo anandiitana n'kunditulira foni m'manja. "Iwe ndiwe umadziwa zimenezi. Tseka chilichonse chimene chikudya ndalama muno."

Ndisaname, ndinamva kukoma. Ndinasanduka wapolisi. Poyamba tinasintha PIN ya ndalama. Kenako ndinalowa mu Play Store, pamene pali gawo loti makolo aike manambala anayi achinsinsi ndi kusankha msinkhu wa ma apu amene angatsitsidwe. Ndinaganiza kuti ndamaliza, koma mng'ono wanga yemweyo, akufwenthera, anandiuza kuti kandegeko sanachite kutsitsa, ankangotsegula pa Chrome. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti kutseka Play Store kokha kuli ngati kukhoma chitseko mawindo ali pululu. Ndiye ndinagwiritsa ntchito loko wa ma apu amene ali kale m'foni, n'kukhoma Chrome, Facebook ndi TikTok. Ndinamuuzanso monyada kuti malamulo a eni ake a TikTok ndi Facebook amafuna munthu wa zaka 13, ndiye iye asayerekeze.

Amayi ankangondiyang'ana. Kenako anafunsa, "Nanga iweyo akutseke ndani?"

Ndinaseka, iwo sanaseke. Tsoka lake ndinali nditawaonetsa kale malo amene foni imawerengera nthawi ya apu iliyonse. Chingerezi sawerenga bwino, koma manambala, aise, munthu wogulitsa tomato sungamunamize. Lamlungu lapitalo TikTok inali itadya maola 3 ndi mphindi 40, ndipo tsiku limenelo mng'ono wanga anali kumudzi kwa agogo. Ine wa Folomu 4, amene ndinkanena kuti ndikuwerenga Biology pafoni.

Malamulo tinawalemba kuseri kwa kalendala. Chrome atsegule ndi amayi okha, munthu atanena chimene akukafuna. TikTok ndi Facebook Loweruka masana, ola limodzi. Ikakwana 9 koloko usiku foni izikagona kuchipinda kwa amayi. Pa WhatsApp tinakangana kwambiri. Amayi ankafuna itsekedwenso, ine ndinawaonetsa gulu la kalasi lathu mmene timatumizirana mapepala akale a mayeso a MSCE ndi manotsi a amene anajomba. Ndinawauza kuti a MANEB ali konkuno ku Zomba koma sadzandichitira chifundo chifukwa choti ndine neba wawo. Apo anaseka pang'ono, n'kuilola.

Tsopano nali vuto limene palibe anaganizapo: loko uja ndinamuika ndine, ndiye patani yake ndinkaidziwa. Sabata yoyamba ndinasunga malamulo ngati mwana wa abusa. Yachiwiri ndinayamba kuba mphindi khumi amayi akusamba. Yachitatu ndinkadzuka usiku kukatenga foni pa mpando wa kuchipinda kwawo, ndikunyang'ama ngati mphaka. Chimene chinandipweteka si kugwidwa, chifukwa amayi sanandigwire. Anandiona ndi mng'ono wanga. Anatulutsa mutu m'bulangete n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, ndiye lamulo lija ndi la ine ndekha eti?" Sanakanene. Mwina zikanakhala bwino akanakanena.

Ndamva kuti ku Australia boma linachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2025, loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa TikTok, Facebook, Instagram ndi zina zotero. Anzanga ena m'kalasi amati kumeneko n'kupondereza. Kaya. Ine chimene ndinaona n'chakuti ngakhale loko akhale wolimba bwanji, nkhani imagona pa amene wasunga kiyi. Ndipo m'nyumba zambiri za kuno kiyi ali ndi ife ana, pamene makolo akugona mtima uli m'malo poganiza kuti anatseka.

Loweruka lotsatira ndinakhala pansi ndi amayi pakhonde. Ndinawauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, akusankha nyemba, kenako anangoti, "Ndiye undiphunzitse." Zinatitengera pafupifupi ola lathunthu. Chala chawo chinkaterereka pagalasi, mizere inkaduka pakati, foni n'kumakana. Atazolowera ndinawafikitsa pamalo osinthira patani, n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri, iwo akujambula yawo kawiri. Mng'ono wanga anaima pakati pathu ngati inivijileta kuti ndisasuzumire.

Mpaka lero sindiidziwa. Masiku ena zimandinyansa kwambiri, makamaka anzanga akamakamba za kavidiyo kamene aliyense waonera kupatula ine. Dzulo lomweli ndinkafuna kufufuza za nkhondo ya Chilembwe ya 1915 pa homuweki ya History, ndipo ndinadikira mpaka amayi atabwera kumsika cha m'ma 6 koloko. Anatula dengu, anapukuta manja pachitenje, anandifunsa kuti ndikukafuna chiyani ndipo zitenga mphindi zingati. Ndinati makumi awiri. Anandifulatira, n'kujambula.

K18,000 ija tikubwezabe. Mng'ono wanga amatunga madzi a aneba awiri Loweruka lililonse, ndipo yatsala K6,500.