Supu wa atsibweni

Kwathu kumapiri a Ntchisi, mbatata ya kachewere timailima ndi mtima wonse koma sitiiwerengera m'gulu la zakudya. Ndi ndalama basi. Munthu akhoza kudya mbale yodzaza kachewere wowiritsa masana, madzulo nkumadandaulira mlendo kuti pakhomo pano lero tagona ndi njala, ndipo palibe angamutsutse poti nsima sanaione. Inu a m'tauni amene mumaima pachiwaya ku Kawale kapena ku Area 25 nkumatola tchipisi ndi kamtengo, dziwani kuti ambiri mwa amene analima mbatatayo, kaya ku Mwera Hill, kaya m'zigwa za ku Dowa kuno, amaiona ngati fodya: chinthu cholima kuti chikwere lole.

Ntchito yake si yamasewera. Pali wa mvula amene timabzala mvula ikangogwa, ndiye pali wa kudimba amene timathirira m'miyezi yozizira, mwera ukuomba mpaka zala kuchita dzanzi. Chiwawu chikalowa m'munda masamba amada ngati awauka ndi moto, pakutha pa sabata munda wonse psiti. Matenda omwewa ndi amene anagwetsa njala ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni nkufa, poti kumeneko kachewere ndiye anali nsima yawo. Ukapulumuka kuchiwawu, mavenda akukudikira. Amabwera ndi ndowa yawoyawo yotukumuka mimba, amaiwunjika mpaka nsonga, ndipo amasankha zikuluzikulu zokhazokha zoyenera tchipisi. Ting'onoting'ono tonga mazira a nkhunda amatikankhira pambali ndi phazi. Tina timasunga mbewu, tina timapatsa nkhumba. Nkhani yangayi ndi ya timbatata totsalato.

Atsibweni anga, achimwene awo a amayi, anali khukhi. Anapita ku Lilongwe mu 1976, likulu litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba, nthawi imene nyumba za ku Area 10 zinkafuna anthu odziwa kuyatsa uvuni. Anaphikira azungu zaka 25: Mngelezi, Mjeremani, pomaliza bambo wina wa ku America. Anakwatira ku Dowa, cha ku Mvera uko, ukwati wa chikamwini, ndipo ndalama zonse za m'makhitchini a eni zinathera pomanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kumudzi kwa akazi awo. Mu 2001 akazi awo anatisiya, ndipo chaka chomwecho bwana wawo anabwerera kwawo. Atatha kumeta maliro, ankhoswe anakhala pansi nkuwasudzula. Palibe amene anawalakwira. Mwambo ndi umenewo: ana ndi akuchikazi, nyumba ndi ya ana. Anafika kwathu ndi chikwama chimodzi, mpeni wokulunga m'nsanza, ndi poto wachitsulo wolemera ngati mphero.

Pa mwambo, iwo ndiwo anali mwini mbumba. Koma umwini mbumba saupeza pa dzina. Maliro angati anawaphonya? Milandu ingati ya malire a minda inaweruzidwa iwo akusenda karoti ku Lilongwe? Zonsezo anazisenza ndi mng'ono wawo, ndipo anthu anali atazolowera kugogoda pakhomo pa mng'onoyo. Atsibweni anawapatsa kanyumba kaudzu komwe kale munkagona anyamata. Khasu linkawatulutsa matuza tsiku lomwelo. Anthu ankawapatsa moni wogwada, nsima inkabwera yovindikira bwinobwino, koma unali ulemu wa mlendo, ulemu uja umakuuza mwakachetechete kuti sitikudziwa ntchito yako pano. Ine ndinali pa holide ya Fomu 2, ndipo ndinkawaona atakhala pakhonde kunola mpeni umene unalibe choti udule.

Mu Julaye wa chaka chimenecho munthu wina anapha nkhumba m'mudzi. Atsibweni anagula nthuli yamafuta, napemphanso matumbo. Nyamayo anaidula tizidutswa ndi mpeni wawo uja, kuthira mchere, adyo ndi tsabola wosinja, kuilonga m'matumbo otsuka bwino, nkuipachika pamwamba pa moto kukhitchini kwa amayi kuti izifuka utsi. Masiku atatu. Mudzi wonse unamva kuti kwa uje mwamuna wakhala pa mafuwa.

"Achimwene, mukundichititsa manyazi," anatero amayi. "Anthu aziti mlongo wawo sakuwaphikira."

"Mlongo wanga, zaka 25 ndadyetsa ana a eni. Ndilekeni ndidyetseko anga."

Amayi anangoti kukamwa yasa, kenaka nkukatenga nkhuni.

Supuyo anamuphunzira kwa bwana wa ku America uja, amene kwawo kunali ku Louisiana, dera la madambo kumene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja yamchere. Anthu akumeneko amene amatchedwa ma Cajun ndi zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa omwe Angelezi anawathamangitsa ku Acadia, kum'mawa kwa Canada wa lero, kuyambira mu 1755. Midzi yawo inatenthedwa, mabanja anamwazikana m'zombo, ndipo ena anakatulukira ku Louisiana patapita zaka ngati 10. Dzina loti Cajun ndi mawu oti Acadian otafunidwa. Kaphikidwe kawo ndi ka anthu ofika pamalo opanda kanthu: poto mmodzi, nkhumba yofutsa ndi utsi kuti isawole, tsabola wambiri, ndi chilichonse chimene dambo lapereka. Atsibweni ankaseka akamakumbuka tsiku limene bwanayo anabwera ndi therere lobala kuchokera kumsika nkuyamba kuwafotokozera kuti ichi ndi chiyani. Kuphunzitsa Mchewa therere! Chakudya chotchuka cha kumeneko, gumbo, dzina lake lomwe akuti linachokera ku mawu otanthauza therere m'zilankhulo za mbali ya ku Angola, ndipo linawoloka nyanja pakamwa pa akapolo.

Kaphikidwe kake ndinakaona ndi maso anga madzulo amenewo, ndipo ndi mmene ndimaphikira mpaka lero. Soseji amaidula mawilomawilo nkuiika mu poto wouma, wopanda mafuta ogula, pamoto wofatsa, mpaka itulutse mafuta ake ndi kufiira m'mbali. Amaichotsa nkuiika pambale. M'mafuta otsalawo amathiramo masupuni 2 a ufa wa tirigu, ndipo apa ndi pamene pali mayeso onse. Umatakasa osaleka, osayankha moni, osayang'ana mwana akalira, mpaka ufawo usinthe kuchoka koyera kufika pa mtundu wa chiponde. Ukaupitirira pang'ono wapserera, ndipo kuwawa kwake sikuchoka ngakhale uthire chiyani, umangotaya nkuyambanso. Atsibweni ankati fungo limakuuza maso asanaone: likayamba kumveka ngati mtedza wokazinga, wafika.

Pamenepo amaponyamo anyezi ndi tsabola wobiriwira uja wosawawa, zodulidula. Ku Louisiana amaonjeza selari, ndipo zitatuzi ndizo zimachirikiza pafupifupi poto aliyense wa kumeneko, ngati mafuwa. Selari ku Ntchisi angamupeze kuti munthu? Iwo ankangodula timitengo ta mpiru nkumati poto sadziwa Chingelezi. Zikafewa, adyo. Kenaka madzi otentha pang'onopang'ono, uku akutakasa kuti ufa usapange mabuluzi a nsima yosaphika, ndiyeno timbatata tija, totsuka koma tosasenda poti khungu lake ndi lopyapyala, tongodula pakati.

Tsabola wake anali kambuzi. Ma Cajun amathira tsabola wofiira wosinja, wowawa molunjika, koma atsibweni ankati ameneyo amangokuwa, pamene kambuzi amayamba wapereka moni ndi fungo asanakulume. Samudula ayi. Amamuboola kamodzi ndi nsonga ya mpeni nkumuponya wathunthu kuti aziyandama, ndipo akalawa nkumva kuti zakwana amamuvuula. Amene akufuna kulira amapatsidwa kambuziyo pambale pake, akalire yekha.

Mbatata ikapsa, amaphwanya theka lake ndi mthiko m'mbali mwa poto, theka lina nkulisiya lathunthu. Soseji imabwereramo. Chotsala ndi chimene azungu amathira kirimu. Ku Lilongwe ankagula wa m'sitolo. Kwathu anasungunula nsinjiro m'kapu ya madzi, kuthira, kuvindikira, nkuphula nkhuni ziwiri kuti poto azingonong'ona. Akakhala ndi mkaka wa ng'ombe amauthira pomalizira penipeni, poto atachoka pamoto, chifukwa ukabwata umaduka nkupanga timibulu. Ine ndayesa zonse ziwiri ndipo ndinene poyera kuti nsinjiro ndiye mwini malo. Kirimu amaphimba fungo la utsi, pamene nsinjiro imaligwira dzanja.

Tinadya m'makapu ndi m'mabakuli, tili chozungulira moto, mphepo ya kuphiri ikulowa pansi pa chitseko. Thukuta linatuluka pamphuno mu Julaye. Amayi analawa, kukhala chete, kulawanso, nkuti: "Uyutu ndi futali wopita kusukulu basi." Sananame. Mbatata ndi nsinjiro tinazidziwa kalekale. Chachilendo chinali ufa wokazinga ndi utsi.

Miyezi 7 pambuyo pake kunalibe woseka. Amene munalipo mu Febuluwale 2002 mukukumbuka: nkhokwe zili gwa, chimanga pamsika chosagulika, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, akuba chimanga chachiwisi akumenyedwa m'minda. Kachewere amacha m'miyezi itatu kapena inayi, chimanga chikadali kumunda, ndiye amene anabzala ndi mvula yoyamba anali ndi kanthu pansi pa nthaka. Vuto linali loti mbatata yowiritsa chabe imatha msanga m'mbale ndipo ana amadzuka usiku. Atsibweni anatenga ulamuliro wa poto. Soseji panalibe, tirigu panalibe. Ankakazinga kaufa ka mgaiwa kodzaza dzanja limodzi, kuthira madzi ambiri, timbatata, chisoso kapena nkhwani, mchere, kambuzi, ndi nsinjiro yopima ndi supuni kuchokera ku mtedza wa mbewu umene amayi ankaulira. Ndowa imodzi imene ikadatha masiku awiri inkafika masiku anayi. Pakhomo pathu tinali anthu 11, kuphatikizapo ana a mng'ono wawo uja, ndipo ndi iwo amene ankagawa, kuyambira wamng'ono kupita m'mwamba, iwo nkumalizira kukokota poto. Sindinena kuti supu anatipulumutsa. Tinaonda ngati wina aliyense, ndipo mbuzi zonse zinapita pamtengo wa nkhuku. Koma chimanga chitacha, mlandu woyamba wa malire umene unabuka anthu anakagogoda pa kanyumba kaudzu kaja.

Pali anzathu ena ophunzira amene amanyinyirika ndikamasimba za supuyu, ati tikutaya zakwathu nkumatola za azungu. Ndimawafunsa kuti zakwathuzo ndi ziti. Kachewere kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia. Mtedza, tsabola, ngakhale chimanga chimene timalumbirira, zonsezi zinawoloka nyanja kuchokera ku America zaka mazana angapo zapitazo, makolo athu akudya mapira ndi mawere. Ndipo sitifunika kupita kutali kuti tione anthu odya kachewere mopanda manyazi. Ku Dzaleka, konkuno ku Dowa, kumene kunali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu ndipo kuyambira mu 1994 kumakhala anthu othawa kwawo, anzathu a ku Rwanda ndi Burundi amaphika mbatatayi pamodzi ndi nyemba nkukhuta, nkugona, osafunsa za ufa. Atsibweni atapitako ulendo wina kukagulitsa mbatata anabwerako akuti apeza anthu odziwa kudya.

Lero maso awo anachita nkhungu ndipo mpeni uja anaupereka kwa mdzukulu wawo wamkazi, koma ufa ukamakazingidwa amakhala pafupi nkumanunkhiza, ndipo akati "Phula!" umaphula. Ine kuno ku Lilongwe ndimagula soseji ya m'sitolo, imene ilibe utsi wokwanira, choncho ndimayamba ndaiwamba pa mbaula. Pa kilogalamu imodzi ya kachewere ndimaika soseji 4, anyezi 2, tsabola wobiriwira mmodzi ndi kapu ya nsinjiro yosadzaza. Pamsika ndimafunsa timbatata tating'ono, ndipo amayi ogulitsa amandiyang'ana momvera chisoni, poganiza kuti mwezi wandivuta.

Amayi anga, kunena zoona, sanagonje mpaka pano. Supu wa achimwene awo amamukonda, amachita kumuitanitsa kukazizira, amauza ndi alendo omwe kuti kuno kuli munthu wodziwa poto. Koma akamupatsa m'bakuli amamuika pambali, nkuyamba kufunafuna ndi maso. Akapanda kuiona amadzuka okha kukatereka madzi, kuvundula kansima kawo, nkubwera kudzakhala pansi, kutema mbamu ndi kusunsa.