Mailosi 300 Okha, Nanga Kwathu Kutalikiranji?

Abale anga okhala m'mapurazi a Mashonaland, ku Mvurwi, ku Banket ndi ku Bindura, tiyeni tiwerengere pamodzi kutalika kwa njira ya kwathu. Kucokera pa bwalo la ndege la Harare kufika pa Chileka, ku Blantyre, pali mailosi ngati 300 m'mwamba. Ndege ya masiku ano imatha ulendowo pa ora limodzi. Munthu womwa phala ku Harare akhoza kukadya nsima ya masana kwa amalume ace ku Lunzu.

Atate anga anadza kuno ndi miyendo. Anaoloka Zambezi pa Tete ndi bwato, popeza mlatho unatsegulidwa mu 1973, nafika ku Mtoko patapita masabata, mapazi atatupa. Anzao ena anakwera malori a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, imene inayamba mu 1946.

Amene anadziwa ndege anali a ku migodi ya ku Joni. Kuyambira 1952 Wenela inali kuwanyamula pa ndege zace kucokera ku Francistown. Kucoka kumeneko kufika pa Chileka pali mailosi ngati 620, ndiwo maora atatu pa ndege ya DC-4. Ife ana a pa purazi tinali kusirira. Koma pa 4 April 1974 ndege yotere inagwa itangonyamuka pa Francistown cifukwa ca mafuta osayenera, ndipo anthu 78 anafa, ambiri a iwo a ku Malawi. Pomwepo Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu.

Atate anga sanakwere ndege, ngakhale kubwerera pa njira ya pansi. Caka ndi caka, fodya akagulitsidwa, anali kunena, "Caka camawa tipita." Sanali kunama ai. Malipiro anali ocepa, ana tinali asanu ndi mmodzi, ndipo manyazi anawagwira kukafika kwao opanda njinga kapena bulangete la agogo. Cotero anasanduka mchona, ndipo manda ao ali kuseri kwa mabalani a fodya.

Cowawa ca uchona tinaciona mu 2000, pamene mapurazi anayamba kulandidwa. Anzathu Acishona anapita ku midzi yao. Ife tinalibe kopita. Lamulo la 2001 linacititsa ambiri obadwira konkuno kuyesedwa alendo, kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013 anawazindikira kuti ali nzika. Kuno anali kutiyesa alendo, ndi ku Malawi sanali kutidziwa.

Pamenepo ndinaona kuti kutalika kwa njira sikuwerengeka ndi mailosi okha. Kumakula ndi caka ciri conse cimene munthu salemba kalata, ndi maliro ali onse amene sapita kukalira.

Inde, ndarama za ndege ambiri tiribe. Koma mseu ulipo, wodzera ku Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza, mailosi osafika 400, ndipo basi imafika tsiku lomwelo ngati pa malire sipacedwa. Inenso ndinapita pa basi, ndiri ndi imvi kale, ndipo alongo a atate anandizindikira pa mayendedwe anga.

Cotero ndikupemphani, makolo anzanga, uzani ana anu dzina la mudzi, dzina la mfumu, boma ndi mfunda wanu. Lembani zimenezi pa pepala, musunge pamodzi ndi citupa. Mwana wodziwa maina amenewa adzafika, pa ndege kapena pa basi. Ndipo inu amene makolo anu akali ndi moyo, musadikire fodya wa caka camawa.